Sabata ya duty ndi rejisitala: zomwe ndinakumana nazo chaka changa choyamba cha uphunzitsi

Ndikulemba izi makamaka kwa inu amene mwamaliza maphunziro a uphunzitsi wa ku pulayimale a IPTE ndipo mukudikira kuti mayina atuluke, ndi inu amene mwangolandira kumene kalata yokutumizani pa sukulu. Ine ndinayamba ntchito kumapeto kwa 2022 pa sukulu ina ya boma kuno ku Blantyre, cha kumunsi kwa phiri la Soche, nditakhala pakhomo nthawi yaitali ndikugulitsa kaunjika podikira. Ku koleji ndinaphunzira kulemba lesoni pulani, kupanga zipangizo za TALULAR (zophunzitsira zochokera ku zinthu zopezeka pafupi) ndi zitsekerero za mabotolo ndi makatoni, kuimba ndi ana, zonsezo ndinkazitha ndithu. Koma pali ntchito ina ya tsiku ndi tsiku yomwe siichitika utagwira choko, ndipo ndi imeneyo inandiliza: duty, sabata yomwe mphunzitsi amayang'anira zochitika za sukulu yonse, ndi rejisitala, buku lochongamo ana amene abwera.

Tsiku loyamba ahedi anandilandira bwino, nkundionetsa taimu buku yomwe imakhala pa tebulo pakhomo la ofesi. Ukafika umalemba dzina, nthawi, nkusaina. Belu la asembule likangolira adeputi amajambula mzere wofiira pansi pa dzina lomaliza, aliyense wosaina pansi pa mzerewo ndiye kuti wachedwa, palibe zokambirana. Ine nthawi imeneyo ndinkakhala kwa azakhali ku Machinjiri, nde kuti ndifike ndimakwera maminibasi awiri, ina mpaka mtauni ina yolowera ku Zingwangwa, ndipo mukudziwa minibasi siinyamuka isanadzaze olo iwe ukuyang'ana wotchi mpaka misozi. Dzina langa linkapezeka pansi pa mzere wofiira pafupipafupi. Kuwonjezera apo malipiro oyamba anachedwa miyezi ingapo, thiransipoti ndimachita kupempha, mapeto ake ndinakatenga katapila, K20,000 kubweza K30,000 pakutha pa mwezi, ndipo ngongole imeneyo inabala inzake. Apa ndikuuzeni msanga: tsiku lomwe mwafika pa sukulu pemphani ahedi alembe kalata yoti mwayamba ntchito, ijambulitseni pamodzi ndi kalata yokutumizani, satifiketi ndi chiphaso cha unzika, musunge mafotokope anu kunyumba chifukwa mudzafunsidwa mapepala omwewo kangapo. Ndipo nyumba yang'anani yoyandikira sukulu ngakhale ikhale ya chipinda chimodzi, lendi yake imatuluka pa ndalama ya minibasi ija.

Anandipatsa Sitandade 3, ana oposa 100, tili aphunzitsi awiri. Ana amakhala pansi mothinana mpaka kufika pa bolodi, moti polemba umachita kusamala kuti usaponde zala za wina. Piriyodi imodzi ndi mphindi 35, ndipo phunziro la Chichewa ndi la Chingerezi la National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4 yomwe inayamba 2016, lili ndi masitepe ake m'buku la mphunzitsi oti uwatsate onse osadumpha. Tsono kuitana mayina a ana onsewo mmodzimmodzi, wina sakumva, wina akuyankhira mnzake, wina akulira kuti amubera pensulo, kumadya pafupifupi piriyodi yonse yoyamba. Ndinaona kuti ndikutsalira pa sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa teremu yonse, nde ndinayamba kudumpha rejisitala, kumadzachonga Lachisanu mongoganizira kuti uyu ndinamuona, uyu kaya. Ndinkaona enanso akuchita choncho ndipo sindinkaona vuto.

Za mapepala ena ndingodutsa mwachangu. Sikimu imalembedwa pa holide teremu isanatsegulidwe, lesoni pulani umalemba madzulo kukonzekera mawa ndipo mkulu wa sekishoni amasaina m'mawa usanalowe m'kalasi, Lachisanu umalemba m'marekodi zomwe waphunzitsadi ndi zomwe zakanika, ndipo pali buku la magiredi a ana lomwe limafunika kudzazidwa teremu ili mkati osati kudikira mayeso otsiriza. A PEA, alangizi oyendera sukulu za m'zoni yathu, akabwera kuchokera ku TDC, likulu la zoniyo, safunsa kuti umawakonda bwanji ana, amayamba ndi kuti tione mabuku. Makope ochonga ndiye osanena, ndinkanyamula mtolo m'chikwama cha saka kupita nawo kunyumba, magetsi akazima kuchonga ndi tochi ya foni.

Duty yanga yoyamba inali mu Novembala, kukutentha koopsa, ndipo mwayi wanga anandiphatikiza ndi Madamu ena achikulire omwe anayamba ntchito maphunziro aulere a 1994 asanabwere. Iwo anangoti, "Mwana wanga, Lolemba 6 koloko ikupeze pano, ubwere ndi chitenje ndi nsapato zafulati." Ndinkaganiza kuti duty ndi kungoimirira kutsogolo pa asembule basi. Ayi ndithu. Ukafika umayamba wakumana ndi alonda akuuze ngati usiku kunachitika kanthu, uzungulire makalasi kuona maloko ndi mawindo, ulowe m'zimbudzi wekha ndi maso ako osati kutuma mwana, uone ngati pampopi pakutuluka madzi chifukwa akasiya ndiye pulogalamu yonse ya tsikulo yasintha. Ana akamafika kalasi iliyonse ili ndi malo ake osesa, uwagawire matsache, aakulu a Sitandade 6 ndi 7 akolope ndi kutsuka zimbudzi, iwe uli pomwepo chifukwa ukangotembenuka ntchito yonse imagwera tiana tating'ono tomwe sititha kukana. Kenako ulize belu, kwathu ndi limu yakale ya galimoto yopachika pa mtengo wa mango, ana afole, pemphero, nyimbo ya fuko, kuona zikhadabo ndi tsitsi, zolengeza, ahedi alankhule, ndipo zonsezi zithe nthawi yabwino kuti piriyodi yoyamba isadyeke.

Chomwe chinandidabwitsa kwambiri ndi phala. Sukulu yathu ili m'gulu la zomwe zimalandira phala la Mary's Meals, amayi ongodzipereka amafika kusanache nkuyatsa moto, ukamafika iwe utsi uli tolotolo m'khitchini, mapoto aakulu aja akubwata, mayi awiri akutakasa ndi mithiko yaitali thukuta lili kamukamu. Wa duty ntchito yake ndi mzere. Madamu aja anandiimika pakati pa ana ndi poto nkundiuza kuti, "Apa usachoke olo ahedi akuitane, mwana akakankhidwa nkugwera umu palibe chomwe udzawauze makolo ake." Amayambitsa a Sitandade 1, aliyense ndi kapu yake m'manja, ndipo anandiphunzitsa kuyang'ana mwana yemwe waima patali opanda kapu, chifukwa woteroyo sanena, amangoonerera anzake, ndipo nthawi zambiri ndi yemweyo amene kunyumba sanadye chilichonse. Iwo ankasunga makapu angapo m'kabati mwawo chifukwa cha ana otere. Inenso pano ndimasunga.

Ochedwa amakhalanso a iwe wa duty. Kukwapula nkoletsedwa ndipo musayerekeze, olo wina akuuzeni kuti ife timatero, tsiku lomwe kholo lidzabwere ndi mwana wotupa mkono mudzakhala nokha. Timawapatsa zotola zinyalala kwa mphindi zochepa nkuwalowetsa m'kalasi, koma afunseni kaye chifukwa chake. Ena amachedwa chifukwa chosewera panjira, zoona, koma ena amakhala ayamba akatunga madzi ku kiyosiki, ena akasiya mandasi a mayi awo pa msika. Pa buleki supuma, umazungulira kumpanda komwe kumakhala ogulitsa zigege ndi mafirizesi, kuletsa ndewu, kuona kuti ana asatuluke kupita ku msewu. Poweruka ang'onoang'ono amayamba ndi iwo, aakulu pambuyo, ndipo iwe umachoka pomaliza utalemba lipoti la tsikulo m'buku la duty. Kalasi yako nayo ikukudikira monga mwa masiku onse, palibe amene amakuchotsera mapiriyodi chifukwa uli pa duty.

Mu Januwale 2023 kolera inavuta kwambiri, boma linalamula kuti sukulu za mu mzinda wa Blantyre ndi Lilongwe zisatsegulidwe pa 3 Januwale, tinadzatsegula patapita pafupifupi masabata awiri. Duty yanga yachiwiri inagwera nthawi imeneyo, ulendo uno opanda Madamu aja. Ntchito inachuluka kawiri, ndowa za madzi a kolorini pakhomo la kalasi iliyonse, kuimirira pa geti kuti mwana aliyense asambe m'manja, ahedi analetsa ogulitsa zakudya zophikaphika kumpanda ndipo wokangana nawo ndinali ine. Rejisitala sabata imeneyo sindinaichonge nkomwe.

Lachitatu buleki itangotha monitala wa kalasi yanga anabwera akuthamanga, "Madamu, Madamu, uje wagona kuseri kwa zimbudzi." Ndinakapeza kamtsikana ka m'kalasi mwanga momwe katagona chammbali pa udzu, kasanza, diresi yonyowa, maso alowa mkati, milomo youma gwaa. Ndinanjenjemera. Ndinathamangira rejisitala kuti ndione dzina la kholo, malo olembapo anali opanda kanthu, ndipo m'kalasimo munali atsikana awiri ofanana mayina, loyamba ndi la bambo lomwe, ana akuti amakhala ku Chilobwe ena akuti ayi ndi wa ku Manja. Mnzanga wa kalasi anali ku maliro, ahedi anali ku msonkhano ku zoni. Adeputi anasungunula paketi ya ORS mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, tinamumwetsa pang'onopang'ono, ine nkumukulunga chitenje changa, kukwera naye kabaza mpaka ku chipatala chaching'ono chapafupi, ndalama yake inali ya thiransipoti yanga yobwerera. Anamuika diripu. Ndinatuma ana awiri aakulu kukauza makolo ndipo anapita ku nyumba yolakwika, mayi wa mtsikana winayo anafika ku chipatala akulira opanda nsapato, nkupeza kuti si mwana wawo. Mayi ake enieni anamva madzulo atazungulira kale m'makwalala kufunafuna.

Atafika sanandilalatire, bola akanatero. Anangondiyang'ana nkunena kuti, "Madamu, m'mawa ndinakupatsani mwana wamoyo, inu simukudziwa ndi komwe amakhala komwe?" Ndinasowa choyankha. Mwanayo anachira, tithokoze Mulungu, koma usiku umenewo sindinagone, ndinkangoganiza kuti akanakhala kuti monitala sanapite kuseri kuja, ine ndikanaweruka osadziwa nkomwe kuti mwanayo anabwera ku sukulu tsiku limenelo, popeza palibe pomwe ndinalemba. M'mawa mwake ahedi anandiitana nkupempha rejisitala, anatsegula, kuyambira Lolemba mbee. Anati, "Madamu, bukuli si la ine kapena a PEA. Mwana akasowa, apolisi adzayamba kufunsa ili." Anandilembetsa lipoti, nkundichenjeza pakamwa, ndipo ndinatuluka muofesimo ndikuganiza zosiya ntchito nkubwerera ku kaunjika.

Amene anandibweza ndi Madamu achikulire aja. Anandiitanira kuseri kwa kalasi yawo pa buleki, anandigawira mbatata yawo, nkundionetsa mmene amachitira iwo. Ana amawagawa m'magulu a khumikhumi, gulu lililonse lili ndi malo ake okhala ndi mtsogoleri wake, m'mawa mtsogoleri amangotchula amene palibe, mphunzitsi nkuponya maso pa gululo kutsimikiza nkuchonga pomwepo, mphindi zisanu zatha, ndipo buleki ikatha amafunsanso kuti gulu lanu lakwana? Apa ndi pomwe umagwira mwana yemwe wathawa kapena wadwala. Anandionetsanso kope lawo lachikuto cholimba, mwana aliyense ali ndi mzere wake, dzina la kholo kapena womusunga, nambala ya foni olo ikhale ya neba, dera lomwe amakhala ndi chizindikiro chake monga pafupi ndi tchalitchi chakuti kapena chigayo chakuti, ndi matenda ngati khunyu kapena mphumu. Ndinagula kope lotero ndi ndalama yanga. Kulidzaza kunanditengera masabata angapo, ana ena sadziwa dzina la mayi awo amangoti amama, manambala ena anali olakwika, ndinachita kudzera kwa amayi a Mother Group ndi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi wa PTA, ena kuwaperekeza ndekha poweruka kuti ndione pakhomo. Mayunitsi anandithera ambiri poyesa manambala. Anzanga ena ankandiseka kuti wayamba kalembera.

Mu Malichi chaka chomwecho kunabwera namondwe wa Freddy. Amene munali ku Blantyre mukukumbuka mvula ija yosakata usana ndi usiku, kenako matope ndi miyala kutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Sukulu zinatsekedwa, yathu inasanduka kampu, m'makalasi momwe timaphunzitsira munadzaza mabanja ndi timitolo tawo tonyowa. Aphunzitsi amene tinkatha kufika tinayamba ntchito ina, kulemba mayina a anthu, kusamutsa mabuku ndi madesiki kuwatsekera mu stolo, kuthandiza pa mzere wa chakudya. Kenako ahedi anati mphunzitsi aliyense afufuze ana a kalasi yake, tidziwe ali kuti. Kope langa lija ndinali nalo kunyumba mu jumbo. Magetsi kunalibe, netiweki imabwera nkupita, foni ndimakatchajitsa kwa munthu wa jenereta, koma ndinayamba kuimba mzere ndi mzere, ndipo komwe foni sinkalowa ndinkadziwa koti ndikafunse, pa chigayo paja, pa tchalitchi paja. Ambiri ndinawapeza, ena m'makampu ena, ena atapita kumudzi ku Thyolo ndi ku Chiradzulu. Mnyamata mmodzi wa m'gulu lachitatu, wokonda kufufuta bolodi, anapita ndi matope pamodzi ndi agogo ake omwe ankamulera. Ndinamva kwa neba yemwe nambala yake ndinalemba m'kopemo. Sindingathe kulemba zambiri za iye pano.

Anzanga amene analibe manambala anavutika kwambiri, osati chifukwa choti sakonda ana, ena ankalira mu staff room, koma poyambira analibe. Ana ena mpaka titatsegula sitinkadziwa ngati asamuka kapena kaya. Teremu yotsatira ahedi analamula kuti kalasi iliyonse ikhale ndi kope lotero ndipo lina likhale ku ofesi.

Titatsegula duty inasinthanso. Ana ankati kukangochita mdima kumwamba ayamba kulira, ena kuthawira pakhomo kufuna kwawo. Tinagwirizana kuti nyengo ya mvula wa duty aziyang'ana kuphiri, kukayamba kuda auze ahedi msanga, asankhe kuti ang'onoang'ono aweruke mvula isanayambe kapena onse asungidwe m'kalasi mpaka ikate, chifukwa choopsa kwambiri ndi kuwamasula ili pakati, timitsinje ndi ngalande za m'makwalala athu zimadzaza mwadzidzidzi ndipo mwana wa Sitandade 1 madzi ofika m'mawondo a munthu wamkulu amutenga. Osamasula ana pawekha opanda chilolezo cha ahedi kapena adeputi, ndipo nthawi yomwe mwawamasula ilembedwe m'buku.

Pano ndinasamuka, ndimachita lendi kufupi ndi sukulu moti ndimayenda wapansi, katapila ndinamaliza kubweza ngakhale anandidya ndalama yambiri ya malipiro otsalira aja atabwera. Ntchito sinachepe ayi. Kupatula kuphunzitsa pali masewero ndi makalabu masana, misonkhano ya aphunzitsi, maphunziro a ku TDC, zopereka za maliro ndi matenda mwezi ndi mwezi, kuwerengetsa rejisitala pakutha pa mwezi anyamata paokha atsikana paokha, ndipo teremu yachitatu sukulu yonse imazungulira pa Sitandade 8 ndi mayeso a MANEB moti ukhoza kupemphedwa kuthandiza ngakhale si kalasi yako. Sabata ya duty lesoni pulani ndimalemberatu Loweruka ndi Lamulungu za masiku angapo, chifukwa madzulo ake ndimafika kunyumba miyendo itatupa, ndikangokhala pa mpando tulo. M'chikwama mwanga simusowa chitenje chapadera, sopo, mapaketi a ORS, mapadi a atsikana aakulu omwe zimawayambira ku sukulu nkumachita manyazi kudzuka, ndi ndalama ya kabaza yomwe sindiigwira olo zivute bwanji.

Mukafika pa sukulu yanu, pitani kwa adeputi duty rosita isanapachikidwe muwapemphe kuti ulendo woyamba akuphatikizeni ndi mphunzitsi wakale, musachite manyazi, ndipo funsani kuti ahedi ndi adeputi onse akachokapo amatsala ndi mphamvu ndani, nambala yake muisunge. Lachisanu popereka duty kwa wotsatira musangomupatsira makiyi panjira, pitani naye ku stolo muwerenge limodzi matsache, makasu, ndowa ndi zokolopera, mulembe m'buku nonse musaine, ndipo mumuuze ndi pakamwa zomwe zatsala, chimbudzi chomwe chitseko chathyoka, mpopi womwe ukudontha, ndi mwana yemwe sabata yonseyi wakhala akubwera opanda kapu.